Kudzutsa Revox A77 yomwe yagona zaka, popanda kuipweteka

Makina ambiri a matepi a reel amene amafika pa benchi yanga sakhala kuti afa okha. Amakhala atapwetekedwa ndi munthu wachangu yemwe anali ndi screwdriver m'manja. Wamva mawu akutuluka obanika, waona ma screw ang'onoang'ono pafupi ndi mahedi, tizitsulo timene timajambula ndi kuwerenga mawu pa tepi, basi wayamba kupotokola kuti mwina zisintha. Zimasinthadi, koma kuti screw imeneyo ibwerere pomwe inali pamafunika tepi yapadera yoyesera, yodula komanso yosapezeka m'sitolo ya kuno. Ndiye mukafuna kugwira ntchitoyi, ikani screwdriver patali kaye. Mavuto ambiri a makinawa ndi fumbi, labala wouma, girisi wouma ndi makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) okalamba. Zosintha ndi screw zimabwera kumapeto, ndipo nthawi zambiri mukafika kumeneko mumapeza kuti palibenso chofunika kusintha.

Ndifotokoza za Revox A77 chifukwa ndi imene ndaizolowera, koma dongosolo lake ndi lomwelo pa makina ena. A77 inatuluka mu 1967 kuchokera ku kampani ya Willi Studer ya ku Switzerland, ndipo inapangidwa kwa zaka khumi isanalowedwe m'malo ndi B77. Ili ndi mamota atatu: awiri ozunguza ma reel, imodzi yozunguza capstan, kamtengo kachitsulo kamene kamakoka tepi. Mahedi ndi atatunso: yofufuta, yojambula ndi yoseweretsa. Yambiri imathamanga masentimita 9.5 kapena 19 pa sekondi, ndipo imanyamula ma reel aakulu mpaka a masentimita 26.5. Ubwino wake kwa mmisiri ndi woti capstan ilibe lamba, ndi mota yomweyo imene imakhudza tepi. Lamba wa labala yekha amene alimo ndi wa kauntala yowerengera tepi, ndipo ameneyo ngakhale aduke nyimbo imayimbabe.

Musanayandikire soketi

Yambani ndi kumbuyo. Pali kosankhira mphamvu ya magetsi, ndipo makina amene anabwera ndi munthu kuchokera ku America amakhala ali pa 110. Magetsi athu ndi a 230, ndiye muike pa 240. Mukaiwala apa, nkhani yonse yathera pomwepo. Tulutsani fyuzi muone nambala yake ngati ikugwirizana ndi yolembedwa pa makina. Mukapeza kuti wina anakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la ndudu, dziwani kuti mkatimo muli chinachake chimene chinkawotcha fyuzi, ndipo chikadalimo.

Kenako tulutsani makinawo m'bokosi lake la matabwa. Chitani izi panja kapena pakhonde, chifukwa zimene zimakhala mkatimo sizosangalatsa: mphemvu ndi mazira ake, zisa za mavu, nthawi zina mawaya oti khoswe anayamba kutafuna. Sesani ndi bulashi yofewa ya penti. Musapope ndi mpweya wamphamvu wa kugalaja, umadula timawaya ta mahedi tomwe n'topyapyala kwambiri.

Pali zinthu ziwiri za A77 zimene zimapusitsa anthu n'kumati makina afa. Choyamba, mukaichotsa m'bokosi siyaka, chifukwa bokosilo lili ndi tizitsulo timene timalumikiza magetsi likatsekedwa. Kuti muiyese ili pa benchi muyenera kulumikiza malo amenewo ndi mapulagi okutidwa bwino, ndipo kumbukirani kuti pamenepo pakudutsa magetsi athunthu oti angakupheni. Chachiwiri, pa soketi ya remote pamakhala kapulagi kooneka ngati kopanda ntchito. Kakasowa, mabatani sagwira: mumadina play, mukachotsa chala makina aima. Anthu amakataya poganiza kuti n'kotsekera fumbi chabe.

Koperani service manual ya A77 pa intaneti, ilipo, ndipo muisindikize. Ma A77 anasinthasintha mkati kuyambira Mk I mpaka Mk IV, choncho nambala iliyonse imene nditchule pano muitsimikize m'buku la mtundu wanuwo.

Makapasita

Apa ndi pomwe sindimanyengerera. Mu A77 muli makapasita a pepala opangidwa ndi RIFA, angapo a 0.47 µF, okutidwa ndi pulasitiki yachikasu yoonekera mkati. Pakapita zaka pulasitikiyo imang'aluka, chinyezi chimalowa, ndipo tsiku lina makina akuyimba bwinobwino mumangomva phuu! utsi woyera wonunkha wadzaza nyumba. Kawirikawiri saononga zambiri, koma nthawi zina amatengera limodzi resistor yoyandikana nayo n'kuwauka bolodi. Musadikire kuti aoneke ong'aluka. Achotseni onse, muikepo amakono olembedwa X2, a 275 V AC kapena kuposa. Kapasita wamba, ngakhale nambala ikhale yomweyo, siyenera kukhala pamalo amenewa.

Achiwiri ndi makapasita a mamota, zitini zitatu zasiliva: ziwiri za 4.3 µF za mamota a ma reel ndi chimodzi cha 3.5 µF cha capstan. Zikafooka, makina amabweza tepi mwaulesi, reel ikatsala pang'ono kudzaza amangoima, kapena mota imatentha kwambiri. Mukaona mafuta kapena zoyerayera zatuluka pachitini, sinthani. Ofanana nawo amapezeka kwa okonza mafani ndi mafiriji, bola nambala iyandikire ndipo akhale a AC oyendetsera mota.

Achitatu ndi makapasita okhala ndi mbali ya + ndi -, otchedwa ma electrolytic, a m'mabolodi. Ena amasintha onse nthawi imodzi. Ine ndimayamba ndi a gawo la magetsi, kenako ndimamvetsera. Ngati ndinu woyamba kumene kugwira chowotcherera, sinthani bolodi limodzi, yesani, ndiye mupite lina. Mukasintha makumi anayi nthawi imodzi makina n'kukhala chete, simudziwa koyambira. Ndipo jambulani bolodi lililonse ndi foni musanalikhudze, kuti muone mbali imene kunali + ndi -.

Poyatsa koyamba, dutsitsani magetsi mu babu lakale la waya wotentha, la 60 W kapena 100 W, lolumikizidwa motsatana ndi makinawo pa waya wa moto. La LED kapena la energy saver siligwira ntchito imeneyi, ndipo akalewo akusowa, ndiye mukalipeza lisungeni. Babu likawala pang'ono n'kuzilala, zili bwino. Likangowala ngwee osasiya, zimitsani, penapake pali shoti. Zikayenda, yezani ndi mita mphamvu ya 21 V imene imadyetsa ma amplifier. Ikakhala kuti yasokonekera, china chilichonse chimene mungayeze pambuyo pake chikhala chabodza.

Kutsuka

Fumbi la tepi ndi lofiirira, ndipo limamatirira paliponse pomwe tepi imadutsa. Kachidutswa kake kosaoneka ndi maso kakakhala pankhope ya hedi, tepi imatalikirana ndi hedi pang'ono zedi, koma pang'ono pomwepo n'pokwanira kudya mawu onse opyapyala. Nyimbo imamveka ngati oimba ali m'chipinda china. Ambiri mwa makina amene eni ake amati "hedi yatha" amachira ndi thonje basi.

Gwiritsani ntchito sipiriti wotchedwa isopropyl, wa 99%, amene amapezeka kwa okonza mafoni ndi makompyuta. Sipiriti wofiirira wa m'golosale uja amasiya zotsalira. Thina ndi petulo ayi, zimasungunula guluu wa m'hedi. Nyowetsani thonje la kukhutu, pukutani hedi motsata mmene tepi imayendera, sinthani thonje, pitirizani mpaka lizituluka loyera. Chitani chimodzimodzi pa tizitsulo tonse totsogolera tepi, makamaka m'makona mwake momwe litsiro limaumbika, ndi pa capstan. Pa capstan samalani kuti sipiriti asatsikire m'beringi, amatsuka oyilo wa mmenemo. Igonekeni makinawo mwakuti sipiritiyo azitsikira kutali ndi mota, ndipo thonje likhale longonyowa, osati lodontha.

Hedi ikayera, iyang'aneni ndi tochi komanso galasi lokulitsa. Tepi imadya chitsulo, ndipo pankhope pamakhala malo osalala ophwatalala. Amenewo okha si vuto. Vuto ndi pamene m'mbali mwake mwakumbika moti chikhadabo chikukodwa, kapena pamene kamzere kapakati, komwe kamayenera kusaoneka n'komwe, kayamba kuoneka kakuda. Hedi yokumbika pang'ono akatswiri amaipala n'kuibweza. Yotseguka pakati yatha, ndipo palibe screw imene ingaidzutse.

Chotsatira ndi kuchotsa maginito. Mahedi ndi zitsulo zina zimagwira maginito pang'onopang'ono, ndipo hedi yotere imawonjezera phokoso la "sss" komanso imafufuta mawu opyapyala a tepi iliyonse imene yadutsapo, osabwereranso. Chida chake chimatchedwa demagnetizer. Zimitsani makina, matepi onse muwaike kuchipinda china. Yatsani chidacho muli kutali mita imodzi, yandikirani pang'onopang'ono, zunguzani pafupi ndi hedi iliyonse osaikanda, kenako capstan ndi tizitsulo tija, bwererani pang'onopang'ono mpaka mita imodzi ija, ndiye muzimitse. Magetsi akathima chili pahedi, chimaisiya ndi maginito ambiri kuposa poyamba, ndiye muyenera kubwereza akabwera. Ngati mulibe chidachi, lekani, musayese ndi maginito a sipika. Komanso musayeze hedi ndi mita pa ohms, chifukwa batire ya m'mitamo imaipatsa maginito.

Masiwichi ndi ma volume akamakhwekhwereza, thirani contact cleaner pang'ono n'kuzunguza kambirimbiri. Mabolodi a A77 amachita kubayika m'masoketi. Atulutseni limodzilimodzi, pukutani mano ake ndi sipiriti, bwezerani. Chanelo imene "inafa" imadzuka kawirikawiri ndi zimenezi zokha.

Labala, mabuleki ndi liwiro

Pinch roller ndi kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi pa capstan. Kagwireni ndi chala. Kabwino kamakhala kofewa pang'ono, kosanyezimira. Kakauma kamanyezimira n'kumaterera ngati tayala la njinga lotha mano, ndipo tepi imayamba kukwera kapena kutsika pa capstan mpaka kupindika m'mbali. Kena kamasungunuka n'kumamata zala. Konseko mankhwala ake ndi kugula katsopano, ndipo ta A77 tikupangidwabe. Kokhala bwino katsukeni ndi madzi ofunda a sopo pang'ono, chifukwa sipiriti wa tsiku ndi tsiku amaumitsa labala. Pochotsa, onani bwino mmene timawashala tili pamwamba ndi pansi, tibwerere momwemo. Mphamvu imene kamapanikizira capstan imayezedwa ndi sikelo ya sipuling'i, yonga ya ogulitsa nsomba koma yaing'ono: mumakoka kagudumuko makina akuyenda mpaka tepi itasiya kukokedwa, n'kuwerenga. Pa A77 zimakhala cha m'ma kilogalamu imodzi ndi theka.

Mabuleki ali kuseri kwa mbale zokhalira ma reel. Ndi timalamba tachitsulo topyapyala tozungulira ng'oma yokutidwa ndi nsalu. Ayeseni chonchi: thamangitsani tepi yopanda ntchito, dinani stop. Ikaima mwaulemu, tepi ili yokokeka bwino, asiyeni. Ikakhuthukira pansi, mabuleki akuterera. Ikaima modzidzimutsa ndi kulira, akumata, ndipo amenewo ndi amene amadula kapena kutanula tepi. Zonse ziwiri zimayamba ndi litsiro. Pukutani kalamba ndi nsaluyo ndi sipiriti, osagwira ndi zala zamafuta, ndipo musakapinde kalambako chifukwa kakapindika sikawongokanso. Sipuling'i yake muisunthe pokhapokha kutsuka kwalephera.

Pa oyilo anthu amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Amathira paliponse pooneka kuti pamazungulira, ndipo oyiloyo amathera pa mabuleki ndi pa labala. WD-40 asayandikire makinawa. Girisi wakale wouma pa mkono wa pinch roller mumuchotse yense ndi sipiriti, n'kupakapo watsopano wochepa kwambiri. Beringi ya capstan ya mtundu wa mkuwa womwa mafuta imafuna oyilo wake wapadera, Isoflex PDP 65, madontho ochepa. Oyilo wa galimoto amatseka timabowo ta mkuwawo. Ngati mota ikuzungulira mwakachetechete ndipo mukaizimitsa imapitirira kanthawi isanaime, ine sindiikhudza.

Liwiro la A77 limayang'aniridwa ndi bolodi lake, osati ndi 50 Hz ya magetsi a m'nyumba. Pa mota pali mano amene kahedi kena kamawawerenga, ndipo pamayenera kutuluka 1600 Hz pa liwiro la 19, ndi 800 Hz pa la 9.5. Mita yokhala ndi Hz imakuuzani pomwepo. Mota ikamathamanga mopenga osagwirika, kayang'aneni transistor yaikulu ya bolodi limenelo ndi makapasita aja. Pomvetsera, piyano kapena kwaya yokoka mawu ndi imene imaulula ngati liwiro likugwedezeka. Ng'oma ndi magitala zimabisa.

Amene muli ndi Akai 4000DS, yomwe ndi yofala kuposa Revox, nkhani yanu pano ndi yosiyana. Ili ndi mota imodzi yokha, ndipo zonse zimayenda ndi malamba ndi magudumu a labala, choncho ntchito yaikulu ndi labala ameneyo. Liwiro la 19 limabwera ndi kachitsulo kovekedwa pa capstan, kamene kamasowa kawirikawiri. Onaninso kuti yaikidwa pa 50 Hz, chifukwa ikakhala pa 60 nyimbo zonse zimayimba mochedwa. Mabatani ake ozunguza akalimba musakakamize, zitsulo za kuseri kwake zimaphwanyika.

Tepi ndi imene ilibe inzake

Makina akafa mupeza ena. Tepi ya kwaya ya mpingo ya m'ma 1970, kapena mawu a agogo pa ukwati, ilipo imodzi yokha. Wayilesi ya MBC kuyambira 1964 inkajambula oimba athu pa matepi otere, ndipo mamishoni, masukulu ndi anthu ena apadera ankachitanso chimodzimodzi. Matepi amenewo akadalipo m'makatoni ndi m'masutikesi. Choncho poyesa makina gwiritsani ntchito tepi yoti ikaduka simulira. Yofunikayo idikire mpaka zonse zitatha.

Ndipo nayonso iyeseni isanakwere. Matepi ena a m'ma 1970 ndi 1980, makamaka akuda kumsana monga Ampex 406 ndi 456 kapena Scotch 226, guluu wake amamwa chinyezi n'kuyamba kumata. Mukawaseweretsa amalira "tswii", amasiya phala lakuda pamahedi, makina amafooka mpaka kuima, ndipo phala limenelo ndi nyimbo yanu imene ikusupuka. Mukangomva kulirako imitsani. Tepi yotere imachira kwa kanthawi ikaumitsidwa pa kutentha kwa madigiri 50 mpaka 55 kwa maola asanu ndi atatu kapena kuposa, m'chida choumitsira zipatso chokhala ndi thermometer, kenako n'kuisiya izizire tsiku lathunthu. Uvuni wa kukhitchini sugwira kutentha kochepa chonchi, ndipo padzuwa kapena pafupi ndi mbaula musayerekeze. Ikachira, ikopereni mu kompyuta sabata yomweyo, chifukwa kumata kumabwerera.

Matepi akale kwambiri, a m'ma 1950 ndi 1960, ambiri ndi a acetate, ndipo amenewa saumitsidwa, kutentha kumawaononga. Kuwazindikira n'kosavuta: kwezani reel kuloza kuwala, mukaona kuwala kukudutsa m'mbali mwa tepi yokulungidwayo, ndi acetate. Imathyoka msanga osatanuka, ndipo ikayamba kuola imanunkha viniga. Ya chuku, imene imachuluka m'nyumba zachinyezi za ku Mulanje kapena kunyanja, musaiike pamakina musanaipukute, ndipo popukuta khalani panja mutavala chotseka pamphuno.

Chinanso: dziwani ngati makina anu ndi a njira ziwiri kapena zinayi. Tepi ndi yomweyo ya mamilimita 6.35, koma kagawidwe kake n'kosiyana. Tepi ya njira zinayi yojambulidwa mbali zonse ikakwera pa makina a njira ziwiri, mumamva nyimbo ina ikuyimba chobwerera m'mbuyo pamwamba pa inzake. Pamenepo palibe chowonongeka. Ndaonapo munthu atamasula mahedi onse chifukwa cha zimenezi.

Tsopano screwdriver

Mukatsuka, kuchotsa maginito, kusintha labala ndi makapasita, mvetserani. Ngati mawu ali bwino ndipo cholinga chanu n'kungomvera matepi akale, mwamaliza. Tsekani bokosi.

Ngati mukufuna kupitirira, dongosolo lake silisintha: mbali yoseweretsa kaye, yojambula pambuyo. Chifukwa chake n'choti zojambula mumaziyeza pomvera kudzera mu hedi yoseweretsa. Iyo ikakhala yokhota, muikhotetsanso inzakeyo kuti zigwirizane, ndipo matepi anu azimveka bwino pa makina anu okha.

Mbali yoseweretsa imafuna tepi yoyesera, monga za kampani ya MRL ya ku America. Poitanitsa mumatchula liwiro, mtundu wa equalisation (mmene mawu opyapyala ndi onenepa amalinganizidwira), NAB kapena IEC, ndi mphamvu yake, monga 250 nWb/m. A77 wamba imajambula pa NAB, koma siwichi ya kutsogolo imalola kuseweretsa pa NAB kapena IEC. Matepi ochokera m'masitudiyo a ku Ulaya ambiri ndi a IEC, ndiye ngati tepi ikumveka yakuthwa kapena yobanika pang'ono, yesani siwichi imeneyo musanaganize za china.

Pa hedi iliyonse pali ma screw a msinkhu, a kupendekera kutsogolo, ndi imodzi ya azimuth, yomwe imaimika kampata ka hedi chilili pa tepi. Ya azimuth yokhayo ndi imene mungakhudze. Enawo anaikidwa kufakitale ndi zida zoyezera, ndipo hedi inadyeka motsata mmene anaiikira. Mukasuntha enawo, tepi imakhala pamphepete pa mkumbi uja. Gwiritsani ntchito screwdriver yopanda maginito. Seweretsani kamvekedwe ka 10 kHz ka pa tepi yoyesera, lumikizani zotuluka ku kompyuta, ndipo yang'anani mamita a pulogalamu ngati Audacity, chifukwa mita wamba ya m'manja siwerenga bwino pa 10 kHz ndipo masingano a kutsogolo kwa A77 ndi a pojambula. Zunguzani pang'ono kwambiri, kosakwana kota ya kuzungulira kumodzi, mbali iyi kenako iyo, mpaka mphamvu ifike pamwamba. Samalani, pali tinsonga tabodza tating'ono mbali zonse ziwiri, mufune yaikuluyo. Kuti mutsirize bwino, phatikizani machanelo awiri akhale mono: pamene kamvekedweko kali kamphamvu ndi kokhazikika, ndi pamenepo. Oscilloscope ya pa kompyuta imaonetsa mzere umodzi wopendekera kudzanja lamanja zikakhala bwino. Dontho la vanishi wa zikhadabo pa screw limaigwira kuti isasunthe.

Mukatero ikani msinkhu wa mawu pa 1 kHz, machanelo onse afanane, motsata buku. Tizosinthira ta pabolodi ta A77 timakalamba moipa: ukangokakhudza, kalilime kake kamagwa. Ngati mwaganiza zosintha chilichonse, yambani mwagula tatsopano, yezani takale ndi mita, ikani tatsopanoto pa nambala yomweyo, ndiye muyambe.

Nanga amene mulibe tepi yoyesera, omwe ndinu ambiri? Ngati penti ya pa ma screw ikadali yosasweka, ikhulupirireni. Ngati muli ndi tepi yakale imene inajambulidwa pa makina okhota ndipo mukufuna kuikopera bwino, nayi njira: musanakhudze kanthu, jambulani nokha 10 kHz kwa mphindi zingapo pa tepi yabwino, kuchokera pa foni kapena kompyuta. Kenako sunthani azimuth ya hedi yoseweretsa yokha, mukumvera tepi yakaleyo pa mono, mpaka ma "s" ndi zisekese zimveke bwino. Mukamaliza kukopera, ikani tepi yanu ija n'kubweza screw pomwe inali. Siikupatsani muyezo wa fakitale, koma imakubwezani pomwe munachokera.

Bias

Pojambula, makina amasakaniza nyimbo ndi kamvekedwe kapamwamba kosamveka ndi khutu, pa A77 ndi 120 kHz, kuti tepi ilandire mawu mosapotoka. Imeneyo ndiye bias, ndipo mtundu uliwonse wa tepi umafuna mlingo wake. Ikachepa mawu amakhala akuthwa ndi okhadzula, ikachuluka amabanika. Choncho sankhani tepi imodzi n'kukhala nayo. Zatsopano zikupangidwabe: Recording The Masters ku France, ATR Magnetics ku America. Pa A77 ine ndimakonda LPR35 ya Recording The Masters, chifukwa ndi yopyapyala bwino ndipo makinawa amaifufuta mosavuta. Matepi okhuthala a mphamvu kwambiri a m'masitudiyo amaposa zimene A77 inapangidwira.

Kachitidwe kake: jambulani 10 kHz motsitsa, 20 dB pansi pa 0 VU ya pa masingano aja, chifukwa pa liwiro lochepa tepi imakhuta msanga ndi mawu apamwamba ndipo mukakweza mupusitsidwa. Siwichi ikhale pomvera zochokera pa tepi. Choyamba wongolani azimuth ya hedi yojambula mpaka igwirizane ndi yoseweretsa ija. Kenako tsitsani bias, yambani kuikweza pang'onopang'ono. Mphamvu ya zotuluka ikwera, ifika pansonga, n'kuyamba kutsika. Musaime pansonga. Pitirirani mbali yomweyo mpaka itsike ndi mlingo umene opanga tepiyo analemba pa pepala lake la liwiro limenelo, kawirikawiri 3 mpaka 5 dB. Apa ndi pomwe ambiri amasochera: kutsika kwa 4 dB kulipo mbali zonse ziwiri za nsonga, ndipo koyenera ndi kwa mbali ya bias yochuluka. Chitani chanelo chilichonse, liwiro lililonse, kanayi konse.

Bias ikakhazikika, jambulani 1 kHz n'kusintha msinkhu wa kujambula mpaka zolowa ndi zochokera pa tepi zifanane mukamasinthasintha siwichi. Pomaliza, equalisation ya kujambula: 10 kHz kapena 12 kHz ifanane ndi 1 kHz, zonse zili pa 20 dB pansi paja. Mukabwerera kukakhudza bias, ziwiri zinazi muzibwerezenso. Ndiye ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, jambulani, muzisintha siwichi pakati pa zolowa ndi za pa tepi. Pa liwiro la 19 kusiyana kwake kuyenera kukhala kochepa moti muzichita kutchera khutu.

Kusamala kwa masiku onse sikochuluka. Pukutani mahedi musanajambule chilichonse chofunika. Pa siwichi yoyatsira sankhani reel yaing'ono kapena yaikulu moyenera, chifukwa imasintha mphamvu yokokera, ndipo ma reel awiriwo akhale ofanana kukula. Magetsi akathima, zulani pulagi, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali. Yatsani makinawo mwezi uliwonse ngakhale mulibe chomvera, makamaka nthawi ya dzinja, kuti girisi asaume ndi ma relay asachite dzimbiri. Matepi asungeni choimirira m'makatoni awo, kutali ndi masipika, ataseweretsedwa mpaka kumapeto osabweza, chifukwa kukulunga kwa play n'kosalala kuposa kwa rewind. Ndipo lembani pakapepala tsiku, makapasita amene mwasintha ndi mtundu wa tepi imene mwaikira bias, mukamate mkati mwa bokosi, kuti wodzatsegula pambuyo panu adziwe poyambira.